Leon Panetta: wandale amene adatsogolera akazitape a America

Leon Panetta ndi wandale wa ku United States of America. Adabadwa pa 28 Juni 1938. Adakhala phungu wa nyumba ya malamulo kwa zaka 16. Adakhalaponso mkulu woyang'anira ndalama za boma, kenako mkulu wa ogwira nchito kunyumba ya pulezidenti. Koma anthu ambiri amamukumbukira ndi nchito imene adaipeza atamera kale imvi. Mu 2009, ali ndi zaka 70, adasankhidwa kukhala mkulu wa CIA, bungwe la akazitape la dziko lake. Iye ndiye adali pampandopo usiku umene asilikali a America adapha Osama bin Laden.

Cimene cingakudabwitseni n'cakuti mkuluyu sadakulire m'nchito ya ukazitape. Zimene ankadziwa bwino zidali zina: kuwerengera ndalama za boma, kukambirana ndi aphungu, ndi kulowa m'cipinda ca pulezidenti nthawi iliyonse. Mukamawerenga mbiri yake muona kuti zimenezi n'zimene zidamuthandiza. Muonanso zimene mpandowo udamucititsa.

Kodi CIA n'ciyani?

CIA idakhazikitsidwa mu 1947. Likulu lake lili ku Langley, pafupi ndi mzinda wa Washington. Nchito yake ndi kufufuza zinsinsi za maiko ena ndi za magulu a zigawenga, n'kukauza pulezidenti. Kuno ku Moçambique bungwe la boma lofufuza zinsinsi ndi SISE. Koma CIA siimangomvetsera ayi. Pulezidenti akailamula, imacitanso zinthu mobisa kunja kwa dziko.

Kuno ku Africa dzina limeneli lili ndi mbiri yake, ndipo si yokoma. Mu 1960 CIA idakonza zopha Patrice Lumumba wa ku Congo ndi poizoni. Poizoniyo sadagwiritsidwe nchito, Lumumba adaphedwa ndi anthu ena mu Januwale 1961, koma ciwembuco cidalipo ndithu. Mu 1975 CIA idatumiza ndalama ndi zida kwa FNLA ndi UNITA pa nkhondo ya ku Angola. Caka comweco komiti ya aphungu, yotsogoleredwa ndi Frank Church, idaulula zambiri zimene bungweli linkacita mumdima. Kucokera pamenepo aphungu adakhazikitsa makomiti oti aziliyang'anira. Musaiwale mfundo iyi, cifukwa ndi imene ikufotokoza cifukwa cake wandale angathe kukhala mkulu wa akazitape. Ndalama za CIA zimavomerezedwa ndi aphungu, ndipo mkulu wake amayenera kukaima pamaso pao n'kumayankha mafunso.

Mwana wa anthu obwera

Makolo a Panetta, bambo Carmelo ndi mayi Carmelina, adacokera ku Calabria, kumwera kwa dziko la Italy, dera limene lidali losauka kwambiri. Adakakhazikika ku Monterey, tawuni ya asodzi m'mbali mwa nyanja ku California. Kumeneko adatsegula malo odyera. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse makasitomala ao ambiri adali asilikali a pa kampu yapafupi ya Fort Ord. Leon ali kamnyamata ankatsuka matambula kukhichini. Nkhondo itatha bambo ake adagulitsa malo odyerawo n'kugula munda ku Carmel Valley, kumene adadzala mitengo ya mtedza wochedwa walnut.

Banjali lidali la Cikatolika. Leon adaphunzira pa Santa Clara University, sukulu ya ansembe a Cijezwiti. Adamaliza maphunziro a zandale mu 1960 ndipo a zamalamulo mu 1963. Mu 1962 adakwatira Sylvia, ndipo adabereka ana atatu aamuna. Kuyambira 1964 mpaka 1966 adali msilikali, m'gawo lofufuza za adani. Zaka ziwiri zimenezi ndi zokhazo zimene adagwirako nchito yoyandikira ukazitape asanafike ku CIA.

Kucotsedwa nchito ali ndi zaka 31

Ku America kuli zipani ziwiri zikuluzikulu, ca Republican ndi ca Democratic. Panetta adayamba ali wa Republican. Mu 1966 adapita ku Washington kukagwira nchito mu ofesi ya Thomas Kuchel, phungu wa ku California. Mu 1969 boma la pulezidenti Richard Nixon lidamupatsa udindo wotsogolera ofesi yoona za ufulu wa anthu mu unduna wa zaumoyo ndi maphunziro.

Apa mpofunika mudziwe mmene zinthu zidalili. Kumwera kwa America, ana a anthu akuda ndi ana a azungu ankaphunzira m'masukulu osiyana, ndipo a akuda ndiwo adali osoweka zipangizo. Khoti lalikulu lidagamula mu 1954 kuti zimenezi n'zosemphana ndi malamulo a dziko. Mu 1964 padabweranso lamulo lakuti boma lisamapereke ndalama kumalo amene amasankha anthu potengera khungu. Komabe madera ambiri ankazengereza dala. Ofesi ya Panetta idali ndi mphamvu yodula ndalama kumasukulu otere, ndipo iye adayamba kuigwiritsa nchito.

Vuto lidali lakuti Nixon ankafuna mavoti a azungu akumwerako. Akuluakulu a kunyumba ya pulezidenti adamuuza Panetta kuti aziyenda pang'onopang'ono. Iye sadamve. Mu Febuluwale 1970 mneneri wa pulezidenti adauza atolankhani kuti Panetta watula pansi udindo, pomwe mwini wakeyo adali asanalembe n'kalata yomwe. Nchito idathera pompo. Adali ndi zaka 31, mkazi ndi ana ang'onoang'ono.

Adakagwirako nchito kwa meya wa New York, John Lindsay, kenako adabwerera kwao ku Monterey kukakhala loya. Mu 1971 adasamukira ku cipani ca Democratic, ndipo adatulutsa buku lofotokoza mkangano wake ndi boma la Nixon.

Munthu wa manambala

Nyumba ya malamulo ya America imachedwa Congress ndipo ili ndi zigawo ziwiri. Cigawo cimodzi ndi House of Representatives, ca aphungu 435 amene amasankhidwa zaka ziwiri zilizonse. Cina ndi Senate, ca aphungu 100. Mu 1976 Panetta adapikisana nao pa mpando wa dera la kwao mu House ndipo adapambana. Anthu a kwao adamusankha kasanu n'kanayi motsatizana.

Adacita zingapo zimene anthu a ku Monterey amazionabe. Adalimbana ndi zokumba mafuta m'nyanja ya kwao, ndipo mu 1992 gawo lalikulu la nyanjayo lidakhala malo otetezedwa. Adatsogoleranso lamulo la 1988 lothandiza mabanja osowa cakudya. Koma cimene cidamukweza ndi nchito imene andale ambiri amaithawa cifukwa njotopetsa: ndondomeko ya ndalama za boma, imene ena amati bajeti, pa Cipwitikizi orçamento. Kuyambira 1989 mpaka 1993 adali wapampando wa komiti ya bajeti. Munthu wa pampando umenewu amadziwa unduna umene ukudya zambiri, phungu amene akufuna mlatho kwao, ndi amene angalole kusintha maganizo mukamupatsa kenakake. Si nchito yowombetsa m'manja, koma aliyense amabwera kudzagogoda pakhomo panu.

Bill Clinton atakhala pulezidenti mu 1993 adamutenga kuti akatsogolere ofesi ya bajeti ya boma lonse. Nthawi imeneyo boma linkagwiritsa nchito ndalama zambiri kuposa zimene linkatolera. Ndondomeko imene adakonza idakweza msonkho wa anthu olemera n'kucepetsa ndalama zina zimene boma limawononga. Idadutsa movutikira zedi: mu House mavoti adali 218 kwa 216, ndipo palibe wa Republican ndi mmodzi yemwe amene adaivomera. Pofika 1998 boma lidayamba kutsala ndi ndalama pakutha pa caka, cinthu cimene cidali cisanacitike kwa zaka pafupifupi 30. Zifukwa zake zidali zambiri, koma ndondomeko ya 1993 idali cimodzi mwa izo.

Mu Julayi 1994 Clinton adamuika kukhala mkulu wa ogwira nchito ku White House, nyumba ya pulezidenti. Udindo umenewu uli ngati wa nduna imene imakhala pakhomo la mfumu. Ndi imene imati uyu alowe, uyu adikire, nkhani iyi ifike lero, iyi mawa. Kunyumba ya Clinton kudali cisokonezo, misonkhano yosatha ndipo aliyense ankangolowa. Panetta adaika dongosolo. Pampando umenewu ankaonanso malipoti acinsinsi amene akazitape ankabweretsa kwa pulezidenti m'mawa uliwonse.

Adacoka mu Januwale 1997 n'kubwerera ku California. Iye ndi mkazi wake adakhazikitsa Panetta Institute, malo ophunzitsa acinyamata za utsogoleri, pa yunivesite imene idamangidwa pamalo a kampu yakale ya Fort Ord. Ambiri adaganiza kuti za ku Washington watsazika.

Mlendo pakhomo la akazitape

Tsono tifike pa 2009. Barack Obama atapambana cisankho adapeza CIA ili ndi dzina loipa. Pambuyo pa ciwembu ca pa 11 Seputembala 2001, pamene gulu la al-Qaida lidapha anthu pafupifupi 3,000 ku America, bungweli lidatsegula ndende zobisika m'maiko ena. M'menemo akaidi ena ankazunzidwa pofunsidwa mafunso. Njira imodzi idali yomanga munthu cagada, kumuphimba nsalu kumaso n'kumathirapo madzi mpaka azimva ngati akumira. Komanso CIA idauza boma kuti Iraq ili ndi zida zoopsa zopha anthu ambirimbiri, America idapita kunkhondo mu 2003, ndipo zidazo sizidapezeke.

Obama ankafuna munthu wopanda banga la zimenezi. Akuluakulu ambiri a m'kati mwa bungwelo adalipo pamene zinkacitika. Panetta adali kunja, ndipo mu 2008 adalemba poyera kuti America isamazunze akaidi, zivute zitani. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Si onse adakondwa. Dianne Feinstein, amene ankatenga udindo wotsogolera komiti ya Senate yoyang'anira akazitape, adadandaula kuti sadafunsidwe, ndipo adati mpandowo umafuna katswiri wa nchitoyo. Komatu aka sikadali koyamba. George H. W. Bush, amene pambuyo pake adadzakhala pulezidenti, adatsogolera CIA mu 1976 atacokera ku ndale. Phungu wina, Porter Goss, adalowa mu 2004 ndi gulu la anthu ake, adakangana ndi akatswiri akale, angapo adasiya nchito, ndipo iye sadakwanitse zaka ziwiri.

Panetta adaphunzirapo kanthu. Senate itamuvomereza mu Febuluwale 2009, sadabwere ndi gulu. Adasiya Stephen Kappes, kazitape wakale wolemekezeka pakati pa anzake, pa mpando wa waciwiri wake. Ankabwera ku ofesi ndi galu wake Bravo, amene ankagona pansi m'misonkhano ya zinsinsi zikuluzikulu. Ndi mlendo yekhayo amene aliyense ankadziwa kuti sakaulula kanthu.

Ndende zobisika zidatsekedwa ndipo njira zozunza zidaletsedwa, potsatira lamulo la Obama la mu Januwale 2009. Koma taonani zimene zidatsatira. Obama atafuna kutulutsa poyera zikalata zimene zidaloleza nkhanzazo, Panetta adatsutsa. Zikalatazo zidatulukabe mu Epulo. Ena atafuna kuti ozunza akaidi aimbidwe milandu, iye adati anthu amene adatsatira malangizo a maloya a boma asazengedwe. Nancy Pelosi, mtsogoleri wa House komanso mnzake wa cipani cimodzi, atanena kuti CIA idamunamiza pa nkhaniyi, Panetta adaikira kumbuyo bungwe lake. Kafukufuku wa unduna wa zacilungamo adatsekedwa mu 2012 popanda woimbidwa mlandu.

Ogwira nchito ku Langley adamukonda cifukwa ca zimenezi. Adaona kuti apeza bwana amene pulezidenti amamumvera ndipo aphungu amamudziwa. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu adakhumudwa. Mnyamata wa mu 1970 uja adalola kutaya nchito kusiyana n'kufewetsa lamulo. Mkulu wa mu 2009 adasankha kuti zakale zikhale zakale. Inu mungaweruze nokha ngati kumeneku kudali kukhwima kapena kugonja.

Khost ndi ndege zopanda munthu

Pa 30 Disembala 2009 CIA idaona tsoka limene idali isanalione kwa zaka zambiri. Padali dokotala wina wa ku Jordan, dzina lake Humam al-Balawi. Akazitape a ku Jordan adamugwira n'kumutumiza kuti akalowe mu al-Qaida azikawauza zinsinsi. Iye adayamba kutumiza mauthenga osonyeza kuti wafika pafupi ndi Ayman al-Zawahiri, waciwiri kwa bin Laden. Nkhani yokoma cotere idali isanamveke kwa zaka. Adamuitana ku kampu ya CIA ku Khost, m'dziko la Afghanistan. Pofuna kumulemekeza, sadamusece pacipata, ndipo anthu ambiri adatuluka panja kukamulandira. Pansi pa zovala adali atavala bomba. Adapha anthu asanu ndi awiri a CIA, kuphatikizapo mayi wa ana atatu amene ankatsogolera kampuyo, komanso kazitape wa ku Jordan ndi munthu wa ku Afghanistan amene adamubweretsa pa galimoto.

Panetta adakalandira mitembo pabwalo la ndege ndipo adayenda pamaliro. Kafukufuku adapeza kuti macenjezo adalipo koma sadafike kwa oyenera. Iye sadalange munthu aliyense payekha, adati colakwaco cidali ca bungwe lonse.

Nthawi yomweyi CIA inkamenya nkhondo ya mtundu watsopano kumapiri a kumalire a Pakistan ndi Afghanistan. Inkagwiritsa nchito ndege zopanda munthu m'kati, zochedwa madroni. Woyendetsa amakhala kutali, patsogolo pa kompyuta. Ndegeyo imazungulira m'mwamba maola ambiri ikujambula, ndipo lamulo likaperekedwa imaponya mzinga. Nkhondoyi idayamba nthawi ya pulezidenti George W. Bush, koma idakula kwambiri Panetta ali pampando. Mu 2010 mokha madroni adaphulitsa malo ku Pakistan koposa ka 100.

Atsogoleri ambiri a al-Qaida ndi a Taliban adafa motere. Adafanso anthu wamba. Pa 17 Malici 2011 mizinga idagwa pa msonkhano ku Datta Khel ndipo padafa anthu pafupifupi 40. Akuluakulu a America adati adali zigawenga. Anthu a m'deralo, boma la Pakistan ndi atolankhani amene adafufuza adati ambiri adali mafumu ndi akuluakulu a m'midzi amene ankakamba mlandu wa mgodi. Taganizani bwalo la milandu pansi pa mtengo, anthu akukambirana, ndiye moto n'kutsika kumwamba.

Panetta sadabise kuti ankavomereza yekha zina mwa izi. M'buku la moyo wake adafotokoza za tsiku limene adaloleza kuti munthu wina awomberedwe akudziwa kuti mkazi wake ali naye pomwepo, ndipo mkaziyo adafa. Iye ndi Mkatolika woyenda ndi kolona m'thumba. Ankati imeneyi ndiyo idali njira yokhayo yofikira adani amene ankakonza zopha anthu ena. Otsutsa ankafunsa kuti: kodi munthu amene adati kuzunza mkaidi n'kulakwa angaloleze bwanji kupha munthu wosazengedwa mlandu? Funso limeneli anthu akukanganabe nalo mpaka lero.

Nyumba ya ku Abbottabad

Obama adauza Panetta kuti nchito yoyamba ndi kupeza Osama bin Laden. Mwina mungafunse kuti ife zikutikhudza bwanji. Pa 7 Ogasiti 1998 gulu la bin Laden lidaphulitsa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam, kwa anansi athu a ku Tanzania. Adafa anthu 224, ndipo ambiri mwa iwo adali Aafirika amene ankangopita kunchito.

Bin Laden sankagwira foni. Mauthenga ake ankayenda ndi mthenga wodalirika. Kwa zaka zambiri akazitape ankasaka mthengayo, amene ankadziwika ndi dzina lakuti Abu Ahmed al-Kuwaiti. Mu Ogasiti 2010 adatsatira galimoto yake mpaka pa nyumba ina mumzinda wa Abbottabad ku Pakistan. Nyumbayo idali yacilendo. Mpanda wake m'malo ena udapitirira mamita asanu. Idalibe foni kapena intaneti. Anthu ake ankatentha zinyalala zao m'malo mozitaya kunja ngati anzao. Pazithunzi zojambula kucokera kumwamba pankaoneka munthu wamtali amene ankayenda mozungulira pabwalo koma osatuluka pacipata. Nkhope yake palibe adaiona. Ndipo nyumbayi idali kamtunda kosakwana makilomita awiri kucokera pa sukulu yaikulu ya asilikali a Pakistan.

Apa mpamene luso lakale la Panetta lidagwira nchito. Kufufuza nyumbayo kunkafuna ndalama zambiri, ndipo iye adapita mwakacetecete kwa atsogoleri a makomiti a Congress kukapempha kuti ndalama zisamutsidwe. Cinsinsico cidasungika kwa miyezi. Ankapanikizanso anthu ake sabata ndi sabata kuti abweretse njira zatsopano zodziwira amene ali m'katimo.

Umboni weniweni sudapezeke. Akatswiri ena ankati mwayi woti ndi bin Laden ndi waukulu, ena ankati n'zokayikitsa. Alangizi a pulezidenti adagawikana. Ena adati aponye mabomba, ena adati adikire. Panetta adali mmodzi mwa amene adati atumize asilikali. Zikadalephereka, asilikaliwo akadafera m'dziko la eni limene silidauzidwe n'komwe, ndipo dzina la Obama ndi la Panetta likadathera pomwepo.

Obama adalamula pa 29 Epulo 2011. Mwalamulo nchitoyo idali ya CIA, motero Panetta ndiye adapereka lamulolo kwa mkulu wa asilikali William McRaven. Usiku wa pa 1 kucera pa 2 Meyi, mahelikopita awiri adafika pa nyumbayo kucokera ku Afghanistan. Imodzi idagwa m'kati mwa mpanda, koma palibe msilikali adafa. Panetta ankatsatira zonse ali ku Langley n'kumafotokozera a ku White House. Patatha mphindi pafupifupi 40 asilikali adanyamuka ndi mtembo wa bin Laden. Adafanso mwana wake mmodzi wamkulu, mthenga uja, m'bale wa mthengayo ndi mayi mmodzi. Mtembo wa bin Laden udaponyedwa m'nyanja.

Nkhani ya katemera

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene siikambidwa kawirikawiri, koma inu amene mumapita ndi ana kusikelo muimvetsa msanga. Pofuna kutsimikiza za anthu a m'nyumba ija, CIA idagwiritsa nchito dokotala wa ku Pakistan, Shakil Afridi. Iye adakonza kampeni ya katemera wa matenda a ciwindi mumzindawo. Colinga cobisika cidali kupeza magazi a ana a m'nyumbamo kuti ayezedwe ngati ndi a banja la bin Laden.

Nkhaniyi idaululika mu 2011. Mu Januwale 2012 Panetta adavomera pa wailesi ya kanema kuti dokotalayo adathandizadi America. Afridi adali atagwidwa kale, ndipo mu Meyi 2012 adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 33, pa mlandu wina umene ambiri adauona ngati cophimbira.

Ku Pakistan kudali kale mphekesera zoti katemera ndi ciwembu ca azungu. Tsopano ofalitsa mphekeserawo adapeza poloza. Mu 2012 atsogoleri a Taliban adaletsa katemera wa poliyo m'madera ao ena, ndipo kuyambira kumapeto kwa caka cimeneco anthu oyenda khomo ndi khomo kupereka katemera adayamba kuwomberedwa. Ambiri adali amayi olandira kandalama kocepa. Mu 2014 ana opitirira 300 adagwidwa ndi poliyo m'dzikomo. Wolakwa woyamba ndi wowombera mfutiyo, zimenezo n'zoona. Koma amene adabwereka yunifolomu ya azaumoyo kuti abisalemo ukazitape adathira mafuta pamoto. Akuluakulu a masukulu a zaumoyo ku America adalembera Obama kudandaula, ndipo mu 2014 White House idalengeza kuti CIA sidzagwiritsanso nchito katemera pa ukazitape.

Atacoka ku CIA

Patangotha miyezi iwiri bin Laden ataphedwa, pa 1 Julayi 2011, Panetta adakhala nduna ya zacitetezo. Senate idamuvomereza ndi mavoti 100, popanda wotsutsa, cinthu cosowa kwambiri ku Washington. Apanso adamufunira za ndalama, cifukwa bajeti ya asilikali inkayenera kucepetsedwa. Mu Disembala 2011 adali ku Baghdad pa mwambo wotseka nkhondo ya America ku Iraq. Mu Januwale 2013 adacotsa lamulo loletsa akazi kumenya nao nkhondo kutsogolo. Mwezi wotsatira adapuma, ali ndi zaka 74.

Mu 2014 adatulutsa buku la moyo wake lochedwa Worthy Fights. M'menemo adadzudzula Obama, bwana wake wakale, kuti adafulumira kucotsa asilikali onse ku Iraq ndipo adazengereza pa nkhani ya Syria. Obama adali akadali pampando, ndipo ena a cipani cake adati mkuluyu akadayamba wadikira. Mwana wake Jimmy Panetta adasankhidwa mu 2016 kukhala phungu wa dera la Monterey, limene bambo ake ankaliimira kale.

Ndale sizidamusiye. Mu Okutobala 2020, cisankho cili pafupi, adasaina nao kalata ya akuluakulu akale 51 a zaukazitape. Kalatayo inkati nkhani ya mauthenga ocokera mu kompyuta ya mwana wa Joe Biden ikuoneka ngati ili ndi dzanja la Russia, ngakhale osainawo adavomera kuti alibe umboni. Pambuyo pake zidatsimikizika kuti kompyutayo idali yeniyeni. Donald Trump atabwerera pampando mu Januwale 2025, tsiku loyamba lomwelo adasaina lamulo lolanda osaina kalatawo cilolezo coona zinsinsi za boma, ndipo dzina la Panetta lidali pamndandandawo.